Laibulale Ya M'kabokosi Pansi Pa Tebulo

Nditabwerako ku maphunziro ndi digiri ya udokotala wa fizikisi, anthu a ku Zingwangwa anangomvapo mawu oti dokotala. M'mawa pakhonde pa nyumba ya amayi sipankasowa wodwala msana kapena shuga. Ndikawafotokozera kuti ine ndimaphunzitsa za kuwala ndi magetsi ku yunivesite, ankatsanzika mwaulemu, mawa lake n'kubwera ndi ayironi yakufa.

Ndinaphunzitsa zaka zingapo. Chomwe chinandichotsa mu labu ndi chiswe. Tsiku lina ndinkafuna kafukufuku wa mphunzitsi mnzathu amene anamwalira, ndipo anandilozera kachipinda kuseri kwa laibulale. Mabuku a kafukufuku anali mulu pansi, ena atanyowa, ena chiswe chitangosiya zikuto. Zinandiwawa. Ndinapempha kuti ndiziwajambula tsamba ndi tsamba n'kuwaika pa intaneti, aliyense aziwerenga pa foni. Akuluakulu anavomera msanga, poti panalibenso wina woilimbirana ntchitoyo.

Amayi sanakondwe nazo. Anauza anzawo a kutchalitchi kuti mwana wawo amutsitsa udindo, tsopano akupukuta fumbi m'mabuku, ndipo anapempha mapemphero.

Ntchito itafika poti tiitsegulire, komiti yoyang'anira ntchitoyo inakumana kangapo pa funso limodzi: riboni timanga pati? Laibulale yonse inali m'kabokosi kakuda ka kompyuta pansi pa tebulo langa. Pomaliza anabwereka mashelefu, n'kudzazamo malipoti akale kuti zithunzi zituluke bwino. Mlendo wolemekezeka anadula riboni, nayamikira kuti mashelefuwo ndi a matabwa olimba. Kabokosi kaja anakaphimba ndi chitenje chifukwa nthambo zake zinkaipitsa malo. Amayi, amene anabwera pa minibasi atavala chilundu chatsopano, anabwerera okhutira kuti mlendoyo wandigwira chanza.

Amene anayankhula kwambiri tsikulo anali pulofesa wina wamkulu, wapampando wa komitiyo. Anati nzeru si mbuzi yoti n'kumangirira pachingwe, ndipo analamula kuti buku la kafukufuku wawo likhale patsamba loyamba. Ndinaliika.

Ophunzira analiwerengadi. Ankaliwerenga m'minibasi ya ku Bangwe, n'kumatumizirana masamba pa foni. Posakhalitsa anayamba kuwafunsa pulofesayo m'kalasi chifukwa chomwe masamu a m'mutu wachinayi sankagwirizana ndi zomwe analemba kumapeto. Katswiri wina wa kunja kwa dziko analembanso kufunsa zomwezo, mwaulemu kwambiri.

Masana ena pulofesayo analowa mu ofesi yanga n'kutseka chitseko. Anafunsa za moyo wa amayi, za mvula, za msewu wa kwathu. Kenako anatsitsa mawu.

"Achimwene, buku langa lija simungalichotseko?"

Ndinawauza monyadira kuti ndi lomwe likuwerengedwa kwambiri pa mabuku onse.

"Vuto lake ndi limenelo," anatero. "Ine ndinalemba kuti andipatse digiri, osati kuti anthu aziwerenga."

Ndinawakumbutsa lamulo lomwe iwo omwe anakhazikitsa, loti buku silichotsedwa popanda komiti yonse kumva chifukwa chake. Anayang'ana kabokosi kaja ngati galu wa eni ake amene wawaluma. Anati aitanitsa msonkhano sabata yotsatira.

Msonkhanowo sunachitike. Iwo anapuma ntchito, ali ku Machinjiri akuweta nkhuku, ndipo tikakumana pa maliro timapatsana moni bwinobwino. Bukulo lilipobe, ndipo aphunzitsi achinyamata amalipereka kwa ophunzira kuti apeze pomwe panalakwika.