Dzanja Lopepuka la Mayi Eneles

Ku mafulati a ku Mbare, m'dziko la Ashona, ukafunsa za mayi Eneles ngakhale wodutsa ankakulozera chitseko. Anachokera ku Katete mwana wawo Iris ali kumsana, kutsatira amuna awo, a Lenox Sakala, amene ankasenza matumba pa fakitale ina ku Graniteside. Mayiwo ankagulitsa masamba pa msika waukulu wotchedwa Musika, koma chimene anatchuka nacho ndi dzanja lawo. Bondo likatupa, msana ukauma, anthu ankabwera kudzatemedwa mphini. Lezala yatsopano, timphini titatu, kupaka mankhwala akuda, basi wapita. Ngakhale Ashona oyandikana nawo ankati dzanja la amai Iris, kutanthauza amake a Iris, ndi lopepuka.

Chaka chachitatu dziko litalandira ufulu, mwendo wa a Lenox unayamba kuchita dzanzi. Kuchipatala anapeza kuti mtsempha waukulu watsekeka. Anawang'amba ntchafu n'kuikamo mtsempha wochita kupanga, kapaipi kofewa koti magazi azidutsamo. Tsiku lotuluka, nesi anaitanira mayi Eneles pambali.

"Mayi, kapaipi aka si mnofu wa munthu, magazi amakonda kuundanamo. Piritsi ili limaletsa zimenezo, amwe tsiku lililonse osadumphitsa. Asamale ndi mipeni. Ndipo m'mawa uliwonse muzigwira phazi lawo. Likazizira, thamangani nawo kuno, tikachedwa mwendo tidula."

Mawu akuti tidula anawakhala pamtima. Mwendo ukapita ndiye kuti ntchito yapita, ndipo kachipinda kawo kankayendera ntchitoyo. Mantha anawalowa mpaka m'mafupa. Kukacha, moni asanapereke, ankayamba agwada n'kugwira phazi. A Lenox, chimunthu chonsecho, piritsi linkawakanika kumeza, ndiye mayiwo ankaliphwanya ndi supuni n'kulisungunulira mu tiyi.

Lamlungu lina mwendo unawawa. Mayi Eneles anaona amuna awo akuluma mano, mtima sunapirire. Nesi uja ananena mipeni, koma mphini ndi bala ngati? Anatema titatu pa katumba, timphini tating'ono ngati ta mwana.

Magazi sanaleke. Anapanikiza ndi chala, ayi ndithu. Chitenje chinanyowa, chachiwiri chinanyowanso, dzuwa mpaka kupendeka. Zaka makumi awiri akutema anthu, zoterezi anali asanazione. Pamene magazi ankaleka, iwo anali atagamula kale mumtima kuti mapiritsi aja asandutsa magazi a amuna awo madzi, ndipo tsiku lina adzangotha onse ngati mpopi woiwala kutseka.

Kuyambira Lolemba tiyi ankapita wopanda kanthu. Piritsi la tsikulo ankalimanga pa nsonga ya chitenje. Sanauze munthu. Akagwira phazi n'kulipeza lofunda, ankapuma n'kudziuza kuti achita bwino, komabe pa Musika ankangosokoneza mitolo ya masamba, maganizo ali kunyumba.

Loweruka m'mawa anagwada monga mwa masiku onse. Phazi linali zii, lotuwa, zala zosagwedezeka. Analitikita, analifunditsa bulangeti, analipumira mpweya. Palibe chinasintha.

"Bambo a Iris, dzukani, tiyeni kuchipatala."

"Bwanji kodi? Langochita dzanzi."

"Chonde dzukani."

Anawatsitsa masitepe atawakolekera paphewa. Mu takisi monse mayiwo anagwira phazi lija ndi manja awiri.

Dokotala anagwira phazi, anayang'ana mphini zija, kenako anafunsa a Lenox ngati akumwa mankhwala.

"Tsiku ndi tsiku, adokotala. Akazi anga amandiikira mu tiyi."

"Ngati magazi aundana mukumwa, ndiye kuti vuto lili pena, tiyambe tafufuza. Koma nthawi ndi imene tilibe."

Mayi Eneles anaona kuti akakhala chete, madokotala ataya nthawi kufunafuna chinthu chimene chili m'chiuno mwawo. Anamasula mfundo ija n'kuika mapiritsi asanu patebulo.

"Ndinawabisa ndine. Ndinaona magazi osaleka, ndinaopa."

A Lenox anayang'ana mapiritsiwo. Mayiwo anadikira mawu oti apakire azipita kwawo ku Katete.

"Musawakalipire, adokotala," anatero bambowo pang'onopang'ono. "Magazi aja inenso anandiopsa."

Tsiku lomwelo anawalowetsa ku opaleshoni n'kutsegula kapaipi kaja. Mwendo unapulumuka, koma zala ziwiri zinali zitafa kale, anazidula. Kufakitale anawachotsa ku matumba n'kuwaika pa geti.

Malezala onse mayi Eneles anakataya kudzala. Wobwera kudzatemedwa ankamuuza kuti apite ku kiliniki, ena mpaka ankanyanyala. Piritsi anasiya kuliika mu tiyi. Ankaliika m'dzanja la amuna awo n'kuima pomwepo mpaka limezedwe, kaya bambowo atsokomole chotani. Akatero ankagwada kuti agwire phazi. Zaka zinadutsa phazilo lili lofunda, koma dzanja lopepuka lija likamayandikira pamene panali zala ziwiri, linkanjenjemerabe.