Tsache la Pamwamba pa Kabati

Anthu onse amapha makoswe, koma iye amawadyetsa, kuwamwetsa madzi ndi kuwayalira pogona. N'chifukwa chake amuna ake anamupatsa dzina loti Namakoswe, ndipo linamukakamira moti ngakhale ana ake amaliiwala lenileni. Amagwira ntchito pamalo ena ofufuzira matenda, m'chipinda chopanda zenera, chonunkha utuchi, momwe makoswe oyera amakhala m'timabokosi toonekera mkati.

Atangoyamba ntchito, adokotala otsogolera kafukufukuyo anamuuza kuti makoswe a pashelefu yapansi ali ndi vuto la majini. Majini amene Namakoswe ankawadziwa ndi aja ogwetsa munthu pansi n'kumamuyankhulitsa zachilendo, choncho tsikulo anagwira ntchito akupemphera chamumtima. Adokotala atamva anaseka mpaka misozi, kenako anamukhazika pansi.

"Ayi amayi, si ziwanda. Majini ndi malangizo amene thupi limabadwa nawo. M'maselo mwathu muli mapuloteni ogwira ntchito, ndiye amatha ngati nsapato. Akatha, pamakhala china chimene chimawaika chizindikiro kuti akaphwanyidwe n'kutayidwa. Tingoti wosesa. Makoswe awawa majini a wosesayo ndi owonongeka, ndiye zinyalala zimaunjikana m'maselo a muubongo. Mapeto ake miyendo imayamba kunjenjemera."

Atakafotokoza kunyumba, amuna ake anasangalala kwabasi, poti iwo anali wosesa weniweni wa mumsika. "Ndiye kuti ndili ndi anzanga a ntchito m'mutumu? Apatseni moni, aNamakoswe."

Patapita zaka, dzanja lamanja la amuna akewo linayamba kugwedezeka lokha. Tiyi ankatayikira pamalaya, mabatani ankawathawa. Kuchipatala anati mankhwala ochepetsa alipo, koma ochiza palibe. Namakoswe anafunsa adokotala ake ngati wosesa wa m'mutu mwa amuna akewo nayenso wafooka. "Mwina n'zofanana, mwina ayi," anayankha. "Tikufufuzabe. Sindikufuna kukunamizani."

Bambowo ntchito ya kumsika anaisiya, koma tsache sanalisiye. M'mawa uliwonse ankasesa pabwalo, mpaka tsiku lina anagwa pasitepe n'kuchekeka pamwamba pa diso. Namakoswe ataona magazi sanafunse munthu. Anakwera pampando n'kuponya tsachelo pamwamba pa kabati ya kuchipinda. Ankati akuwateteza, ndipo sankanama. Kungoti chikondi nachonso chimatha kumanga munthu manja, mwini wake osadziwa.

Kuyambira pamenepo bambowo ankangokhala pampando pafupi ndi khomo, manja ali pamiyendo. Nthabwala zinatha. Dzina loti Namakoswe analisiya, ankangoti "mayi a ana", mwaulemu ngati mlendo. Ulemu umenewo unkamupweteka Namakoswe kuposa kulalatiridwa, ndipo ankaona kuti mwamuna amene anakwatirana naye akuzimiririka iye akuyang'ana.

Kuntchito kunali khoswe wina wokalamba amene kunjenjemera kunamufika pena. Namakoswe anamumvera chisoni, ndiye anamukonzera chisa cha timapepala pakona, chosalala bwino. M'mawa mwake anapeza chisacho chaphwasulidwa. Khosweyo anali kalikiliki kusamutsira timapepalato pakona ina. Ankaluma kapepala, kuyenda pang'ono, kukagwetsa, kukatolanso. Chisa chakecho chinali chokhota, chosaoneka bwino, koma atamaliza anadzipinda momwemo n'kugona. Namakoswe anaima pamenepo botolo la madzi lili m'manja, ndipo anachita manyazi mpaka analira.

Ataweruka sanakhale n'komwe pansi. Anakoka mpando, anatsitsa tsache lija, analikuntha fumbi n'kuwapatsa amuna ake ndi manja awiri.

"Ndimadziwa kuti lili pamwambapo," anatero bambowo. "Ndikagona ndimaona nsonga yake."

"Nanga bwanji osanena, bambo?"

"Munaliika pomwe manja awa sangafike. Ndiye ndinamva zomwe mumanena."

Bambowo anadzuka pang'onopang'ono, ndipo Namakoswe anaugwira mtima kuti asawagwire mkono. Anatsika sitepe ija okha. Tsache linkagwedezeka, masamba ena ankabwerera komwe achokera, ndipo ntchito imene kale ankaimaliza madzi a tiyi asanawire inawatengera mpaka mthunzi wa nyumba unafika kumpanda. Namakoswe anatenga chowolera zinyalala n'kugwada patsogolo pawo, akudikira kamulu kawo kakang'onoko.

Bambowo anayang'ana mmene wagwirira, n'kupukusa mutu.

"Tsitsani pang'ono, aNamakoswe. Fumbi likudutsa pansi."