Nsambo za kagitala ka bambo

Loweruka lapitali ndinatsala pang'ono kuswa chinthu chokhacho chimene chatsala pa katundu amene bambo anga anabwera naye kuchokera ku migodi ya ku Joni. Wailesi inafa kalekale, jekete inadyedwa ndi njenjete, koma kagitala ka nsambo zinayi, kamene eni ake amati yukulele, kakhala kali m'nsalu pamwamba pa kabati kwathu ku Champiti.

Chidwalireni matenda ofa ziwalo chaka chatha, bambo salankhula zambiri. Ndiye mlongo wanga atandiimbira foni kuti mdala akumaloza pakabati kufuna kagitala kawo, koma nsambo zonse zinaduka, ndinati ntchito imeneyo ndi yanga. Kunena zoona ndinalinso ndi manyazi, chifukwa panali patapita miyezi isanu ndisanapondeko kumudzi.

Ndinatsika minibasi pa Nsipe n'kulunjika kwa wokonza njinga. Inu amene munakulira kuno mwadziwa kale chimene ndinkafuna. Ndani wa ife sanakhomepo banjo ya chigubu cha mafuta, nsambo zake n'kusolola ku waya wa mabuleki? Kwa ife nsambo ndi waya basi, ndipo yabwino ndi imene ikumveka mpaka kutsidya kwa dambo.

Nditafika ndinakhala pakhonde, kumangirira, kukunga, uku ndikudzimva ukatswiri. Kanaliradi, mokweza ngati belu la kusukulu. Ndinakaika pamiyendo pa bambo. Anadinikiza chala pa nsambo yoyamba n'kuchichotsa msanga, ndipo pachalapo panatsala mzere wofiira. Sanadandaule. Anangondiyang'ana ngati olakwa ndi iwo, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa akanandikalipira.

Mayi, amene ankasankha nyemba chapomwepo, ndi amene anaona kuti kathabwa komangirapo nsambo kayamba kumatuka.

"Masulani msanga, bambo a Tadala," anandiuza. "Kameneka si njinga ayi."

Ndikumasula, anandifotokozera kuti kagitalaka sikanaonepo waya chibadwire. Kanabwera ndi nsambo zofewa za nayiloni, ndipo zitatha bambo ankagula chingwe cha mbedza kwa alimi a mpunga a kuchigwa, amene amawedza m'mitsinje. Osati cha mtundu umodzi ayi: chonenepa cha mawu aakulu, chapakati, ndi chowonda cha nsambo ziwiri za m'mphepete. Mayi analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kachitini kawo ka singano ndi mabatani. Pansi pake panali zingwe zitatuzo, zokulungidwa pa timitengo. Zaka zonsezi ankasunga, osauza munthu.

Ine wa m'tauni, wodziwa zonse, sindinafunse n'komwe.

Kodi si mmene timachitira ndi makolo athu? Timabwera ndi zinthu zolimba ndi zolira kwambiri: foni yamakono imene zala zawo sizingathe kudina, mpando umene sangathe kudzukapo okha, malangizo a dokotala onenedwa mokalipa ngati tikulamula ana. Timafuna zoti tikaika kamodzi zikhale mpaka kalekale, kuti tisavutikenso kubwera. Ndipo tikamachoka timadzitama kuti tawasamala. Timaiwala kuti ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika.

Tinamata kathabwa kaja ndi guluu wa matabwa, n'kukatsamiritsa ndi mwala wosinjira mpaka Lamulungu titaweruka kutchalitchi. Kenako ndinamanga zingwe zija, mayi akundiuza kuti ichi apa, icho apo. Mawu ake anali otsika, moti nkhuku zikalira sunkawamva. Koma bambo anadinikiza chala osachichotsanso. Dzanja lofooka lija linakhwekhwereza pa nsambo, kamodzi, kawiri, kenako panatuluka kanyimbo kamene sindinakamve chichokereni ku pulayimale. Mayi anayamba kuyimba chapansipansi maso ali pa nyemba zawo, ndipo bambo anatchula chiwongo cha mayi bwinobwino, "Nangozo," n'kuseka ndi mbali imodzi ya pakamwa. Ine ndinapita kuseri kwa nkhokwe kukapukuta misozi.

Pobwerera ndinapeza mawu asokonekera kale. Ndinaganiza kuti ndamanga molakwika, koma mayi anati ndi khalidwe lake la nayiloni. Ikakhala yatsopano imakhwefuka tsiku ndi tsiku, imafuna kuikunga pang'onopang'ono kwa masabata angapo mpaka itakhazikika. Ukaikoka kamodzin'kamodzi kuti uthane nayo, imaduka.

Mayi anandiperekeza mpaka pamsewu pokwerera kabaza. Pamenepo anandionetsa manja awo otupa ndi nyamakazi.

"Tizikhomo tokungira nsambo tija ine sindingathe kupotokola, bambo anunso mwawaona. Ndiye mubwera liti kudzakunga?"

Ndawauza kuti Loweruka. Nanga inu, kwanu nsambo zinakhwefuka liti?