Ndowa ya Mayi Zainab

Ku Kanyenda kuno mukafunsa za Mayi Zainab, wina amayamba wayang'ana uku ndi uku, kenako n'kukunong'onezani kuti mayiwo ndi okhwima. Akuti mbandakucha amalowa m'munda mwawo mwa soya ndi ndowa, n'kumawaza madzi onunkha uku akuyankhula okha, ndipo mbozi zonse zimasamukira m'minda ya anzawo. Nkhaniyi inayenda mpaka inafika ku Nkhunga, kwawo kwa Sadick, mnyamata amene ankafuna kukwatira Rahma, mwana wawo mmodzi yekhayo. Akuchimuna za nikah, ukwati wa Chisilamu, sanazitchulenso. Rahma anaonda mpaka chitenje chinkamuzungulira kawiri.

Ndowa ilipodi, sindikana. Kununkha imanunkha, ngakhale galu amaitembenukira. Koma muli madzi otsukira usipa basi. Mayi Zainab anakulira kunyanja, ku Bua, akuyanika nsomba pa thandala, ndipo anaona kalekale kuti pamene patayikira madzi a nsomba, nyerere zimabwera ndi mtundu wawo wonse. Amuna awo atamwalira, iwo n'kuyamba kulima soya, anati nyererezo zizigwirako ganyu. Zikabwera kudzanyambita msuzi pamasamba, zimapezanso mbozi, n'kuzikoka ngati anthu okoka ng'ombe ya pamaliro.

Chimene anthu sadziwa n'chakuti mayiwa amadziwa alendo a m'munda mwawo ngati abale a kuchimuna, aliyense ndi nyengo yake yobwerera. Soya akangomera mu Disembala, pamabwera timbozi todula mbewu m'tsinde. Kukachita ng'amba mu Januwale, nsabwe zimaunjikana kunsi kwa masamba. Febuluwale ndi wa mbozi zopinda masamba n'kugona m'katimo ngati bwana. Soya akayamba kukhwima, anunkhadala amafika kudzayamwa, ndipo amenewo ndowa saiopa, amafuna kuwatola ndi manja kudakali mame, asanachangamuke. Chiswe ndiye chimabwera pomaliza, chosaitanidwa.

Nanga zoyankhula okhazo? Amakhala akuzitukwana. Mawu ake sindingawalembe pano, ana amawerenga.

Mu Febuluwale, a Bakari, amalume ake a Sadick, anati akadzionere okha asanamukanize mnyamatayo ukwatiwo. Anakwera kabaza, kanzu yoyera bwino, n'kuwapeza mayiwo ali pakati pa mizere.

"Salaam aleikum, mayi. Tamva zambiri."

"Waaleikum salaam. Mwamva ndi makutu, tsopano gwirani ndi manja," anatero Mayi Zainab, n'kuwapatsa ndowa ija.

A Bakari anasuzumiramo, n'kuona mamba ndi timitu ta usipa tikuyandama. Mayiwo anatambasula tsamba limodzi lopindika, n'kuwaonetsa mbozi yobiriwira ili pakati pa nyerere, ikuphiriphitha. Bamboyo anawerama kuti aonetsetse, anaiwala kuti waima pa mzere wothiridwa kale. Nyerere sizidziwa mlendo. Zinakwera m'kanzu muja, ndipo munthu wamkulu, wa ndevu zake, anavina gule amene sanavinepo chibadwire.

Atamaliza kudzikuntha, anaseka mpaka misozi. Anati soya wawo ku Nkhunga watha ndi mbozi zomwezi, ndipo ngati ufiti wake ndi umenewu, iwo akufuna ndowa ziwiri. Za nikah anati zichitike soya akalowa m'nyumba. Rahma, amene ankamvetsera kuseri kwa chulu, anathamangira kunyumba osaponda pansi.

Pokwera kabaza, a Bakari anafunsabe, mwaulemu ndithu: "Komatu mayi, anthu akuti mbozi zanu mumazitumiza kwa anzanu. Ndikawayankhe chiyani?"

Mayi Zainab anatola ndowa yawo.

"Mukawauze kuti mbozi situmidwa. Imapita yokha kumene mwini munda akadali m'bulangete."