Mapichesi a kumabwinja

Amayi anga ndi aliuma. Ndinati tipite mu Junho, nditapuma kuntchito, iwo ayi, tidikire mapichesi achite maluwa. Ndinapsa mtima ndithu. Ulendo wokaona manda ukukhudzana bwanji ndi maluwa?

Mandawo anali a mwana wawo woyamba, mkulu wanga, amene anamwalira asanayambe n'kukwawa komwe, nkhondo ili mkati. Kumanda kunali kosapitika, ndiye amayi ndi anzawo anamuika kuseri kwa nyumba, n'kuthawira ku Malawi, kumene ndinabadwira ine. Chichokereni sanapondekonso. Tsopano maso awo anali atayamba kuchita nkhungu, ndipo ankaopa kuti akachedwa sakapazindikira.

Mu Setembro chapa, minibasi ya kumeneko, inatisiya pa Ntengo-Wambalame, mota, njinga yamoto ya hayala, n'kutifikitsa m'munsi mwa phiri, kotsalako wapansi. Mitondo inali itaphuka masamba ofiira, kamphepo kakuomba kozizira bwino. Amayi ankakwera pang'onopang'ono, akupumira pa ndodo, ine pambuyo ndi khasu ndi botolo la madzi.

Mudzi wakalewo, umene Angoni anamanga atafika ndi ng'ombe zawo, anthu anausiya n'kutsikira kumsewu. Pamwamba tinapeza udzu ndi miyala basi. Ndinati mumtima, aa, tavutikiranji ife! Koma amayi anaima n'kuloza. M'tchire monsemo munali timagulu ta maluwa ofiirira, apa ndi apo. Kale nyumba iliyonse inali ndi mpichesi kuseri. Nyumba zinagwa, koma nthanga zinkangomera pomwepo. Mu Junho tikanangoona zitsamba zopanda masamba.

"Apo panali khola. Apo kwa apongozi anga, apakamwa aja," ankatero tikuyenda. Pena anasokonezeka, tinabwerera m'mbuyo, ine mtima uli m'mwamba. Kenaka anagunda ndi ndodo thanthwe limene ankayanikapo ufa, ndipo cha kumtunda kwake kunali kampichesi kopindika.

Ndinalambula udzu. Iwo anayala nsalu yawo ya kapulana, n'kukhala pansi, n'kusalaza dothi ndi manja.

"Ndabwera, mwanawe. Ndachedwa, usandikwiyire. Uyu ndi mng'ono wako, taona dazi lakelo." Atatero ananditembenukira. "Iwe, sulonjera mkulu wako?"

Ine, bambo wa ana anayi, ndinavula chipewa, ndinagwada, n'kuomba m'manja.

"Muli bwanji, achimwene?"

Ndinalira ngati maliro ake ndi a dzulo, munthu woti sindinamuonepo.