Dzina la mdzukulu wa a Januario

Mukafika pa Nsaru n'kufunsa za a Januario Namakhwa, anthu ambiri apukusa mutu. Koma mukati “Mlomwe wa panazale uja”, ngakhale mwana akulozerani njira. Ine ndinamaliza Fomu 4 chaka chatha ndipo ndikadali pakhomo, choncho nthawi yoona anthu ndili nayo yambiri. Ndaona kuti za anthu ngati iwowa palibe amene amalemba, ndiye ndati ndilembe ine.

A Januario anachokera ku Phalombe ali mnyamata, pa lole imene inkabwera kudzatenga matenanti a fodya. Anabwera ndi akazi awo a Ezeliya, mphasa ndi makasu. Ankati alima zaka zochepa chabe kenaka abwerera. Fodya anawapinda msana mpaka imvi. A Ezeliya atamwalira anaikidwa kumanda a alendo kuseri kwa zigafa, ndipo kwawo kwa mayiyo, kumene a Januario anali mkamwini, kunalibenso wowaitana. Mwini esiteti anawasiyira kanyumba m'mphepete mwa dambo ndi ntchito yothirira nazale. Mwana anali mmodzi yekha, Modesta, ndipo naye anapita ku Kepitawuni kukagwira ntchito ya m'nyumba.

Kumeneko Modesta anapeza mwamuna wa ku Zimbabwe. Panalibe ankhoswe, panalibe ukwati wa kutchalitchi. Bambo ake anamulankhula mawu olimba pafoni, ndipo kwa nthawi yaitali awiriwa sanamvane. Kenaka tsiku lina m'nyengo yozizira, kafoni kawo ka mabatani kanalira.

“Ababa, kwabadwa mwana wamwamuna. Bambo ake avomera kuti dzina mutche ndinu.”

A Januario anakhala pansi pa chidebe chothirira. Anati dzina ali nalo, koma sangalitaye m'kafoni ngati akuitanitsa feteleza. Ayenera kumuona mwanayo nkhope, ndipo mwanayo alimve likuchoka pakamwa pa agogo ake. Chithunzi anachikana. Anati pachithunzi mwana samva.

Kudambo kwawoko netiweki ya foni nthawi zambiri imachita kusakidwa pamwamba pa chulu. Koma paparishi pali kachipinda ka makompyuta akale amene anachita kupatsidwa, ndipo imodzi ili ndi kamera yoti anthu azionana akamalankhulana. Intaneti yake imabwera pa waya kuchokera ku ofesi ya abambo mfumu. Amene amayang'anira chipindacho ndi a Vincent, omwe amatayipanso zolengeza za Lamulungu.

Misa itatha, a Januario analowa atavala jekete lawo la kwaya, chipewa chili m'manja. Anyamata amene ankadikira kuona za mpira anawapatsa mpando.

“Madala, lero mukufunsira pa intaneti eti?”

“Ndikadzafuna mkazi ndidzayamba agogo ako,” iwo anatero, anyamata aja n'kufa nazo.

Modesta anaoneka pasikirini, wonenepa, tsitsi lomangidwa. Bambo ake sanathamangire nkhani. Anayamba ndi moni wonse: za m'thupi, za ntchito, za mvula ya kumeneko, ngakhale za mwamuna uja anafunsa, osamutchula dzina. Mawu ankamveka bwino. Kenaka Modesta anati, “Dikirani ndimunyamule.” Anadzuka, foni inagwedezeka, panaoneka mpango woyera ndi kamwendo. Chithunzi chinauma pomwepo. Kenaka chinazima.

Anaimbanso. Moni anadutsa bwinobwino. Atangoti asendeze foni kwa mwana, zii.

“Ndi netiweki yanu, ababa,” Modesta anatero ataimba pa kafoni ka mabatani. “Kuno ndili pa intaneti ya abwana, sivuta.”

A Januario anatembenukira kwa a Vincent. A Vincent anadina pakona ya sikirini, panatuluka kabokosi, ndipo analoza ndi chala.

“Onani apa, madala. Apa pakunena liwiro la netiweki yathu. Palembedwa 1000. Imeneyi ndiye nambala yomaliza, kulibenso ina pamwamba pake. Kwathu kuno kuli bwino. Vuto lili konko.”

A Vincent sankanama, ankawerenga zimene makina alemba. Koma muyenera kumudziwa tenanti kuti mumvetse zimene zinachitika m'mutu mwa a Januario. Zaka zonse zija, belo la fodya likakwera pasikelo, kapitawo ankawerenga nambala ndipo nkhani inkathera pomwepo. Tenanti amatha kung'ung'udza m'nyumba mwake, koma nambala ya pamakina saitsutsa. Ndiye ngati makina ati 1000, ndipo Modesta akuti kwake kuli bwino, wonama anali ndani? Nanga n'chifukwa chiyani inkaduka pa mwana pokha, osati pa moni?

Anabwerabe ma Lamulungu otsatira. Ulendo uliwonse zinali zomwezo: moni, kudzuka, kampango, kuzima. Anyamata aja anasiya nthabwala. Ankangowasunthira mpando n'kutuluka panja.

Tsiku lina kutayamba kutentha, a Januario sanapereke moni.

“Mode, ngati mawu anga aja akadali kukuwawa, nena. Usamandiyendetse padzuwa kudzandionetsa mwendo. Mwanayo ndi wanu, mubiseni.”

Modesta anatsegula pakamwa, chithunzi n'kuuma ali chomwecho. A Januario anavala chipewa ali m'nyumba momwemo, chinthu chimene sanachitepo, n'kutuluka. Kafoni kaja anakazimitsa n'kukaika m'thumba la mbewu ya chimanga.

Miyezi imeneyo ndinkawaona ndikamapita kudimba la amayi. Nazale ya fodya imafuna madzi m'mawa ndi madzulo, ndipo iwo ankayenda pakati pa chitsime ndi mabedi, zidebe ziwiri m'manja, osalankhula ndi munthu. Ku Misa ankapita, koma ankatulukira khomo la kumbali kuti asadutse pa kachipinda kaja. Matenanti atsopano a chaka chino sawadziwa, amangoti agogo a madzi. Masana ankakhala pansi pa mthethe kuyang'ana mbuzi za anthu ena.

Mvula itayandikira, abambo mfumu nawo anatopa chifukwa kompyuta ija inkaduka akamatumiza zithunzi za ntchito yomanga. Anaitanitsa mmisiri ku Lilongwe, mayi wina dzina lake Hilda. Zimene a Hilda anapeza, a Vincent anandifotokozera okha. M'kompyuta muli khadi imene waya wa intaneti umalowamo, ndipo khadiyo imayendetsedwa ndi kapulogalamu kamene amisiri amakatcha dilaiva. Pamene makompyutawa ankakonzedwa atangofika, wina anaikamo dilaiva ya khadi yamtundu wina. Ndiyo inkauza kompyuta kuti njira ndi ya 1000, pamene waya wakale uja ndi kabokosi ka intaneti ka mu ofesi zimangokwanitsa 100. Nkhope ikangokhala phee, katundu anali wochepa ndipo ankadutsa. Chithunzi chikayamba kuyendayenda, kompyuta inkathira katundu yense nthawi imodzi, njira n'kutsekeka. A Hilda anaikamo dilaiva yoyenera, anamwa tiyi, n'kukwera minibasi.

A Vincent anapalasa njinga mpaka kudambo. Anawapeza a Januario akuzula mbande.

“Madala, vuto linali lathu. Mwana wanu sankakudulani. Akonza.”

“Pano palembedwa chiyani?”

“100.”

A Januario anaweramuka pang'onopang'ono. “A Vincent, ine sukulu sindinapite, koma musandiseweretse. Inkakanika ili 1000. Mwaichotsera, ndiye mukuti ndibwere?”

“Ija inali yabodza, madala. Iyi ndiye yoona.”

“Makina anama?”

“Eya.”

“Ndiye iyi mwaidziwa bwanji kuti sakunama?”

A Vincent anangoti mubwere mudzaone, n'kubwerera.

A Januario sanabwere sabata imeneyo, ngakhale yotsatira. Ine ndikuganiza kuti sinali nambala yokha imene inkawaletsa. Ngati makina ndiwo ananama, ndiye kuti mawu aja onena kuti akubisa mwana anamulankhula Modesta popanda chifukwa, ndipo zimenezo n'zolemera kuzinyamula kuchoka kudambo mpaka kuparishi.

Anabwera Khirisimasi itadutsa, fodya atafika m'mawondo. A Vincent anatumiza uthenga ku Kepitawuni, anatulutsa anyamata onse, n'kutseka chitseko. Iwo okha ndi amene anatsala ndi a Januario, ndipo ndi amene anandiuza.

Modesta atawaona bambo ake analira kaye. Iwo anayamba moni, koma iye anawadula.

“Ababa, moni pambuyo.”

Anadzuka, foni inagwedezeka. A Januario anagwira m'mphepete mwa tebulo. Chithunzi sichinaume. Panaoneka mwana wokhala yekha pa kapeti, wamasaya, akuluma supuni. Anali ndi mphumi ya a Ezeliya.

A Januario anasendeza nkhope pafupi ndi sikirini.

“Tinadikira, ababa,” Modesta anatero. “Ndinkaimba, foni yanu osalowa. Mwanayu anadwala chifuwa, tinaopa, tinakamubatiza. Abambo mfumu a kuno anafunsa dzina. Agogo ake a ku Zimbabwe anamutcha Tinashe.”

“Wachira?”

“Wachira.”

“Chabwino.”

“Koma lanu lija nenani. Likhala lapakhomo, tizimuitana onse awiri.”

A Januario anayang'ana mwana uja nthawi yaitali. Kenaka anaitana chapansipansi, “Tinashe.” Mwana anasiya supuni n'kutembenuka kufuna kumene kwachokera mawu.

“Waona? Walizolowera kale. Musamusokoneze.”

“Ababa...”

“Msendeze pafupi, Mode. Ndione makutu.”

Anamuona makutu, zala, ndi mano awiri a m'munsi. Anafunsa ngati amadya phala. Za mawu aja a tsiku lotentha palibe anazitchula, ndipo mpaka lero a Januario sadziwa ngati Modesta anawamva onse kapena chithunzi chinauma asanafike. Anyamata atayamba kugogoda, anatsanzika, anathokoza a Vincent ndi manja awiri, n'kutuluka.

Masiku ano amabwera Lamulungu lililonse, ndipo mwanayo wayamba kumenya sikirini ndi chikhatho akaona agogo ake ndi chipewa chawo m'manja. Tsiku lina ndinawatsatira panjira ya kudambo n'kuwafunsa kuti dzina lija linali ndani, ndilembe. Anandiyang'ana ngati ndapempha chinthu cha m'thumba mwawo.

“Linali la mwana,” anatero. “Iwe uli nalo lako.”

Analowa m'munda wa fodya, ine n'kukhotera kwathu.