Dzina limene ndinafufuta pa envelopu

M'zaka za m'ma 1980, pamene ndinkaphunzitsa pa sukulu ina ya pulayimale ku Domasi, bokosi lathu la kupositi linkatumikira midzi yonse yotizungulira. Lachisanu ndinkapalasa njinga kukatenga makalata, Lolemba n'kuitana mayina pa asembule kuti ana akapereke kwa eni ake. Masiku amenewo ndimawasowa, ngakhale fungo la thumba la makalata lija mvula ikalinyowetsa.

Chovuta chinali mayina. Anthu a ku Joni ndi ku Halale ankalemba mayina amene anawasiya kalekale, pomwe kumudzi munthu anasintha dzina kuchinamwali. Kalata ikatha milungu itatu yopanda mwini, a hedi ankailemba kuti "Sakudziwika" n'kuibweza. Ine zinkandiwawa ngati wolemba kalatayo ndine. Choncho ndinali ndi kope langa: dzina lakale kumanzere, latsopano kumanja. Kalata ikafika, ndinkafufuta lakalelo n'kulemba lodziwika. A hedi ankandiseka kuti ndinaphonya ntchito, malo anga anali kupositi.

Tsiku lina inabwera ya ku Bulawayo, ya mkazi yemwe dzina lake munalibe m'kope. Ndinaliitana milungu iwiri, ana angoti duu. Mlungu wachitatu, a hedi atayamba kale kuiyang'ana, ndinafunsa mayi wina wachikulire wogulitsa zitumbuwa pasukulupo. Anayang'ana uku ndi uku.

"Aphunzitsi, dzina limenelo musamalifuule pamaso pa ana. Ndi la paubwana la mayi aja a kuseri kwa mzikiti. Analisiya kuchinamwali cha nsondo."

Manyazi anandigwira. Ndinalifufuta ndi bolopeni mpaka envelopu inatsala pang'ono kubooka, n'kulemba lawo la masiku onse, ndipo ndinakapereka ndekha.

Ndinawapeza akusenda chinangwa pakhonde, ndipo anandipempha kuti ndiwawerengere. Inali yochokera kwa achimwene awo, amene anachoka iwo ali kamtsikana. Ankafunsa ngati kumudzi kunatsala munthu wowakumbukira, poti makalata awiri anali atawabwerera, ndipo iyi inali yomaliza.

Mayiwo anaitembenuza envelopu ija.

"Nanga pamwambapa anandilemba dzina liti?"

Ndinawanong'oneza. Anasisita ndi chala pamene ndinafufuta paja.

"Mukanalisiya, aphunzitsi. Amene ankandiitana choncho anatha onse. Atsala ndi iwowa basi."

Kuyambira tsiku limenelo ndinkalemba dzina latsopano m'munsi, lakalelo osalikhudza.